Mafuta Oyera M'kapu, Ulimbo Wakuda M'injini: Mmene Ndege Pafupifupi 5,000 Zinaimitsidwira ku Australia

Woyendetsa ndege yaing'ono asanakwere amayamba wawerama kunsi kwa phiko. M'manja amakhala ndi kakapu koonekera mkati, kokhala ndi kamsomali pakati. Amakankhira kamsomaliko pa kavavu ka pansi pa thanki, mafuta n'kutsikira m'kapumo, iye n'kukakweza moyang'anitsa kudzuwa. Akufuna aone mtundu wa mafutawo, aone ngati muli madzi, aonenso ngati muli zitsotso. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, ndiye akakhalamo amakhazikika pansi ngati kamkanda kagalasi, ukapendeketsa kapu iwo n'kumagubuduka. Mchenga ndi dzimbiri sizibisala. Akakhutira amanunkhiza pang'ono, n'kupita ku phiko linalo.

Mu Disembala 1999, oyendetsa ndege a kum'mawa kwa Australia ankachita zimenezi m'mawa uliwonse monga anaphunzitsidwira. Mafuta ankatuluka obiriwira bwinobwino, opanda dontho la madzi, opanda kachitsotso. Koma m'kati mwa mainjini munali mukumera chinthu chakuda, chomata ngati ulimbo. Patatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, ndege za pa bwalo la Moorabbin mumzinda wa Melbourne zinayamba kutsamwa, zina mphamvu n'kuthera panjira pamene zikuthamanga kuti zinyamuke. Amakaniko atamasula makabuleta anapeza phula lakudalo litamatirira pa tizitsulo ta bulasi. Pofika pa 10 Januwale 2000, bungwe loyang'anira chitetezo cha ndege m'dzikomo, la CASA, linali litalamula kuti ndege zonse zimene zinamwako mafutawo zisanyamukenso. Zinalipo pafupifupi 5,000.

Nkhaniyi ndimaiona kuti ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa aliyense amene anagwira mafutawo, kuyambira wa ku labotale mpaka mnyamata wothira pa bwalo, anachita zimene malamulo ankanena. Mafuta oipawo anadutsa m'manja mwawo onse ali ndi chikalata chonena kuti ndi abwino.

Ndege sizimwa mafuta amodzi

Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu mazanamazana, pamodzi ndi zina zapakatikati zokhala ndi injini ya turbine, zimayendera mafuta otchedwa Jet A-1. Ameneyu ndi m'bale wake wa palafini wa m'nyali, kungoti ndi woyengedwa mosamala kwambiri kuti asaundane mpaka kuzizira kufike pa madigiri 47 kunsi kwa ziro. Alibe mtundu, kapena amaoneka ngati udzu wouma.

Ndege zing'onozing'ono zambiri, monga Cessna 172 kapena Piper Cherokee, zili ndi injini ya mapisitoni ndi mapulagi, yofanana kwambiri ndi ya galimoto ya petulo. Zimenezi zimamwa avgas. Ndi petulo ndithu, koma wa okiteni wokwera, ndipo mpaka lero amathiramo mankhwala a mtovu amene m'petulo wa galimoto analetsedwa padziko lonse, dziko lomaliza kusiya likukhala Algeria mu 2021. Amamupaka mtundu kuti munthu asasokoneze: wofala kwambiri wa 100LL ndi wabuluu, pomwe wa 100/130, amene nkhani yathu ikukhudza, ndi wobiriwira.

Okiteni ndi muyezo wa mmene mafuta amapirira kupanikizidwa osaphulika okha nthawi isanakwane. Mu silinda mafuta amayenera kuyaka mwadongosolo kuchokera pa pulagi, moto n'kumakankha pisitoni. Akaphulika mwadzidzidzi, pisitoni imamenyedwa ngati ndi nyundo, imatentha mpaka kuboola. Pa galimoto dalaivala amamva kugogoda n'kuchotsa phazi. M'ndege phokoso la pulopela limaphimba zonse, komanso ponyamuka injini imakhala pa mphamvu zake zonse, palibe zochotsa phazi.

Avgas amagulidwa wochepa kwambiri poyerekeza ndi petulo kapena dizilo, motero mafakitale oyenga mafuta amene amamupanga ndi owerengeka. Fakitale imodzi imatha kumwetsa theka la dziko. Mafuta a fakitale imeneyo akaipa, vuto silikhala la bwalo limodzi.

Zimene zinachitika ku Altona

Fakitale ya kampani ya Mobil inali ku Altona, kumadzulo kwa Melbourne. Mbali yaikulu ya avgas imachokera m'chigawo cha fakitale chimene amachitcha alkylation. Mmenemo amatenga mipweya yopepuka yotsala poyenga mafuta, monga isobutane ndi butylene, n'kuilumikiza kuti ipange mafuta amadzi a okiteni wokwera. Cholumikizira chake ndi asidi wamphamvu kwambiri. Ntchito ikatha asidiyo sayenera kutsatira mafuta, chifukwa amadya mapaipi ndi nsanja zoyengera za kutsogolo. Choncho mafuta amayamba atsukidwa ndi caustic soda, yemwe opanga sopo amamudziwa bwino, kenako ndi madzi. Kambewu ka asidi kamene kapulumuka amakapha ndi mankhwala oletsa dzimbiri amene amawadonthezera m'njira.

Kumapeto kwa 1999 kutsuka kuja kunkavuta, ndipo asidi wochuluka ankadutsa. Ogwira ntchito anachita zimene munthu aliyense wofuna kuteteza makina ake angachite: anawonjezera mankhwala oletsa dzimbiri aja. M'mankhwalawo munali chinthu chotchedwa ethylene diamine, mwachidule EDA. Chiyembekezo chinali chakuti EDA atuluka pamodzi ndi madzi otayidwa, poti amasungunuka bwino m'madzi. Koma atachuluka, wina anatsalira m'mafuta. Ndipo sakanapatuka yekha poyenga, chifukwa amawira pa madigiri pafupifupi 117, pakatikati penipeni pa pomwe avgas amawirira. Mafuta amene anatuluka kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka Khirisimasi itayandikira anali ndi EDA, ndipo anali atafalikira kale m'mathanki a m'mabwalo a ndege ku Victoria, New South Wales ndi madera oyandikana nawo.

Kuchuluka kwake kunali kochepa zedi, tizigawo towerengeka pa miliyoni. Ndi diso sungamuone. Ndi mphuno, pakati pa fungo la petulo, sungamumve.

Chifukwa chimene kanthu kochepa chonchi kanatsamwitsira injini

EDA ali ndi chikhalidwe chimodzi chimene akatswiri a mankhwala amachidziwa kuyambira kalekale: amakonda mkuwa. Kamolekyu kake kali ndi mbali ziwiri zogwirira, ndipo kakapeza mkuwa kamaugwira ngati nkhanu. Tsono m'njira ya mafuta ya ndege yaing'ono mwadzaza bulasi, yemwe ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Mavavu, masefa a waya, tizitsulo ta m'kabuleta, zambiri ndi za bulasi. EDA akakumana nazo, chimatuluka ndi phula lakuda lija.

Amene anamasulapo kabuleta ya njinga yamoto aiona nkhaniyi msanga. Mkati muli kambale kosungira mafuta, ndipo m'kambalemo mumayandama kachoyandama. Mafuta akachepa kachoyandamako kamatsika, n'kukoka kasingano kamene kamatsegula njira kuti ena alowe. Akadzaza kamakwera, kasingano n'kutseka. Kasinganoko n'kakang'ono ngati nsonga ya pensulo, ndipo kamayenera kuyenda mosakakamira nthawi iliyonse imene injini ikulira. Mukapake ulimbo pang'ono. Kakamatirira kotseka, injini imafa ndi ludzu. Kakamatirira kotsegula, mafuta amasefukira, injini n'kutsamwa. Ndipo sikasankha nthawi. Pamene injini ikungolira pang'onopang'ono pa bwalo, mafuta ochepa odutsa amakwanira, woyendetsa n'kuona ngati zonse zili bwino. Vuto limaonekera pamene wakankha mphamvu zonse kuti anyamuke, nthawi imene pansi patalikira pang'ono koma kumwamba sikunafike, kutsogolo kuli mitengo ndi madenga a nyumba.

Panalinso chinthu chachiwiri chimene chinadziwika mochedwerapo. Thanki ya ndege imapuma: mafuta akamatsika, mpweya wakunja umalowa kudzera pa kabowo. EDA akakumana ndi mpweya wa carbon dioxide umene uli mumlengalenga amapanga utoto wina woyera, nthawi zina woonekera mkati ngati guluu, umene umakakamira m'makoma a thanki. Umenewu sumasungunuka bwino m'petulo. Mutha kukhetsa mafuta oipa onse, n'kuthira abwino, koma utotowo uli pomwepo, kudikira kadontho ka madzi kuti kausungunule n'kuutengera ku bulasi wa kutsogolo.

Mayeso amayankha zimene mwawafunsa

Funso limene aliyense ankafunsa linali lakuti: nanga mafutawo sankayezedwa? Ankayezedwa. Gulu lililonse la avgas lisanatuluke m'fakitale limapimidwa okiteni, kawiridwe kake, kulemera kwake, kuchuluka kwa mtovu ndi sulufule, mtundu wake, utomoni umene limasiya likauma, ndi zina. Palinso muyezo woviika kachitsulo ka mkuwa m'mafuta otenthetsedwa kwa maola ochepa kuti aone ngati kasintha mtundu. Mafuta a ku Altona anapambana mayesowo n'kupatsidwa chikalata.

Chimene tiyenera kumvetsa n'chakuti mndandanda wa mayeso unalembedwa kuchokera pa mavuto amene anthu anakumanapo nawo kale. Wina anagwa chifukwa cha madzi, ndiye pali muyezo wa madzi. Injini zinawonongeka ndi sulufule, ndiye pali muyezo wa sulufule. Palibe amene anali atapezapo EDA m'mafuta a ndege, motero panalibe muyezo womufufuza. Labotale siona chilichonse chimene chili m'botolo. Imaona chokhacho chimene yatumidwa kukafuna. N'chifukwa chake malo enieni otetezera mafuta ndi m'fakitale momwemo, pa tsiku limene munthu waganiza zosintha kapangidwe. Pamenepo ndi pamene pankafunika wina woti aimitse anzake n'kufunsa kuti, mankhwala tikuwonjezerawa akathera kuti, ndipo akafika m'ndege akachita chiyani? Pa maganizo anga, ngozi yonse inabadwira pa funso losafunsidwali. Anthuwo maso awo anali pa mapaipi a fakitale kuti asadyeke, ndipo anawatetezadi. Kasingano ka m'kabuleta kanali kutali ndi maganizo awo.

Kuimitsa ndege

CASA inalamula kawiri. Lamulo loyamba, la Khirisimasi isanafike, linali loti ndege zimene zinamwa mafuta a Mobil zifufuzidwe, mafuta akhetsedwe, ndipo pamene papezeka phula lakuda patsukidwe. Ndege zambiri zinachita zimenezo n'kubwerera mumlengalenga. Kenako phula linayamba kupezekanso m'ndege zimene zinali zitatsukidwa kale, ndipo nkhani ya utoto woyera wa m'mathanki inatulukira. Apa zinadziwika kuti ndege yooneka yoyera lero itha kutsamwa mawa. Mpamene panabwera lamulo la pa 10 Januwale, loimitsa zonse mpaka patapezeka njira yodalirika yoyezera ndi yotsukira.

Malamulo oterewa amawatcha Airworthiness Directive, ndipo si malangizo ongomvera ukafuna. Ndege imene sinakwaniritse zimene lamulolo likunena imatengedwa kuti si yoyenera kuuluka, ndipo woiulutsa waphwanya lamulo.

Ena ankadandaula kuti ndege zawo zinauluka maola ambiri ndi mafutawo popanda vuto, ndiye aziimitsiranji. Dandauloli ndi lomveka, makamaka kwa munthu amene ali ndi ndege ziwiri zokha, ngongole ya kubanki ndi antchito oyembekezera malipiro. Koma ndikuona kuti CASA inalondola, ndipo chifukwa chake chagona pa mmene ndege zimapangidwira. Chitetezo cha ndege chimadalira kukhala ndi zinthu ziwiriziwiri. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, oyatsidwa ndi mamagineto awiri osadalirana, tizipangizo topanga magetsi a mapulagiwo. Pampu ya mafuta ya pa injini ikafa, ndege zambiri zili ndi ina yamagetsi. Ndege zina zili ndi injini ziwiri kuti imodzi ikazima inayo ikafikitse anthu pa bwalo. Nzeru yonseyi imagwira ntchito ngati zinthu ziwirizo sizingafe ndi matenda amodzi. Mafuta amaphwanya nzeru imeneyi. Injini zonse ziwiri zamwa za m'thanki imodzi ya pa bwalo, pa paipi imodzi, tsiku limodzi. Chimene chapha ya kumanzere chili kale m'njira kupita ku ya kumanja. Ndipo mlengalenga mulibe m'mbali mwa msewu moti n'kuimika.

Mtengo wake unali wowawa. Australia ndi dziko lalikulu, midzi yake yotalikirana, ndipo ndege yaing'ono kumeneko ndi minibasi, ndi lole ya makalata, ndi thalakitala. Masukulu ophunzitsa kuyendetsa ndege anaima. Ndege zopopera mankhwala m'minda zinaima pakati pa nyengo yolima. Zonyamula alendo zinaima pa nthawi ya tchuthi, imene eni ake amapezera ndalama za chaka chonse. Zilumba monga King Island ndi Flinders Island, zimene zimadalira kwambiri ndege zing'onozing'ono, zinaona kutalika kwa nyanja. Amene anafikapo ku Likoma akudziwa tanthauzo la kandege pamene sitima ili kutali masiku angapo. Ndege zikuluzikulu za pakati pa Sydney ndi Melbourne sizinakhudzidwe n'komwe poti zimamwa Jet A-1, motero munthu wa mumzinda akanatha osadziwa kuti kunja kwagwa zotere. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Apa anadya ndi wamkulu, m'mimba munapota ana. Mobil inalipira ndalama zankhaninkhani zotsukira ndege ndi zachipepeso, nkhani zina zinakafika kukhoti, koma bizinesi yaing'ono imene yakhala milungu ingapo osalowetsa kanthu sidzuka mofanana ndi mmene inagonera. Chotonthoza n'chakuti palibe amene anafa.

Njira yotsukira imene inavomerezedwa imadabwitsa aliyense wodziwa za ndege. Poti EDA ndi utoto wake zimasungunuka m'madzi osati m'petulo, mankhwala ake anali madzi. Makaniko amene moyo wake wonse wakhala akulimbana ndi kuti dontho la madzi lisalowe m'thanki anauzidwa kuti athiremo madzi, atsukuluze, akhetse, ayeze madziwo ngati muli EDA, abwerezenso mpaka atayera. Kenako ntchito yaikulu inali youmitsa, chifukwa madzi otsalira pakona pa thanki akanapha munthu mofanana ndi phula lija. Amakaniko ovomerezeka anali ochepa poyerekeza ndi ndege zoyembekezera, ndiye mzere unali wautali, ndipo ndege zokhala ndi mathanki ovuta kufikira mkati zinakhala pansi nthawi yotalikirapo.

Adani akale

Nkhani ya EDA ndi yachilendo. Pa zinthu zoipitsa mafuta, chimene chimagwetsa ndege zing'onozing'ono kawirikawiri ndi madzi wamba. Amalowera pa chivindikiro cha thanki chimene mphira wake wauma, ndege itagona panja pa mvula. Amabadwiranso m'thanki momwemo: masana mpweya wofunda wachinyezi umalowa, usiku kukazizira umasanduka mame m'makoma, mame n'kutsikira pansi pa mafuta. Ndege zina zakale zili ndi mathanki a mphira ngati chubu, ndipo mphirayo ikachita makwinya madzi amabisala kuseri kwa khwinya osafika pa kavavu. Woyendetsa amakhetsa, kapu n'kuonetsa mafuta oyera. Ndege ikapendekeka ponyamuka, madzi aja amadumpha khwinya n'kulunjika ku injini. N'chifukwa chake ena amagwedeza mapiko asanakhetse, ndipo ndege za Cessna 172 zopangidwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zili ndi malo okhetsera 13. Pali msampha winanso: kapu ikadzaza madzi okhaokha sipaoneka mzere wolekanitsa, ndipo munthu wothamanga angaganize kuti ndi mafuta oyera. Apa ndi pamene mtundu wabuluu kapena wobiriwira umapulumutsa moyo.

Mdani wachiwiri ndi kusokoneza mafuta, kuthira Jet A-1 m'ndege ya mapisitoni. Palafini alibe okiteni woti n'kutchula. Choopsa chake n'chakuti injini imalira bwino poyamba, poti m'mapaipi mukadali avgas wakale, ndipo kuphulika kuja kumayamba ndege ili kale m'mwamba. Zinamuchitikira Bob Hoover, katswiri wotchuka wa ku America woonetsa masewera a ndege, pamene ndege yake ya Shrike Commander inathiridwa Jet n'kugwa itangonyamuka ku San Diego. Iye anapulumuka, ndipo kuchokera pa ngoziyo kunabwera mlomo wa paipi wophwatalala, wotakata, umene sulowa pa kamwa yopapatiza ya thanki ya avgas. Mpaka lero umatchedwa ndi dzina lake. Woyendetsa wokayikira ali ndi muyezo wosafuna ndalama: kudonthezera mafuta pa pepala loyera. Avgas amauma osasiya chizindikiro, palafini amasiya banga lamafuta.

Zaka zaposachedwapa kwabwera mdani wina wofanana kwambiri ndi wa ku Altona. Madalaivala a mathiraki atsopano akudziwa AdBlue, madzi osakaniza ndi urea amene amathiridwa m'kathanki kapadera kuti utsi wa dizilo uyere. Ku America amawatcha DEF. Magalimoto othira mafuta pa bwalo la ndege nawonso amagwiritsa ntchito madziwa, ndipo amaoneka mofanana ndi mankhwala oletsa madzi kuundana amene amasakanizidwa ndi Jet A-1. Onse ndi oyera ngati madzi akumwa. Mu Novembala 2017 ku Omaha, ku America, anasokonezedwa, ndege zingapo n'kumwa urea. Mu Meyi 2019 ku Punta Gorda, m'chigawo cha Florida, zinachitikanso pa ndege ziwiri za Cessna Citation zonyamula odwala. Urea amapanga timiyala toyera timene timatseka masefa ndi timabowo topopera mafuta. Imodzi mwa ndegezo inazima injini zonse ziwiri ili m'mwamba, ndipo oyendetsa anaitsetsereka nayo mpaka kukatera ku Savannah popanda wovulala. Injini ziwiri, mafuta amodzi.

Ndani ankayang'anira?

Bungwe lofufuza ngozi za mayendedwe ku Australia, la ATSB, linatulutsa lipoti lake mu Malichi 2001. Silinangoloza chala pa munthu amene anatsegula vavu ya mankhwala. Linaonetsa kuti fakitale inalibe njira yokwanira younikira zotsatira za kusintha kwa kanthawi pa kapangidwe ka mafuta, komanso kuti miyezo ya mafuta imene dziko lonse lapansi linkadalira sikanagwira chinthu ngati EDA. Koma mfundo imene imandikhudza kwambiri ndi iyi: panalibe nthambi ya boma imene inkadziwa mosakayika kuti kuyang'anira ubwino wa mafuta a ndege ndi ntchito yake. Bawuti iliyonse ya pa phiko ili ndi pepala lonena kumene inachokera. Makaniko sagwira injini popanda laisensi. Woyendetsa amapimidwa maso ndi mtima nthawi ndi nthawi. Koma chinthu chimene chimalowa m'ndege iliyonse tsiku lililonse chinasiyidwa m'manja mwa ochipanga okha, aliyense akuganiza kuti wina akuchiona.

Izitu zinachitika m'dziko lolemera, lokhala ndi fakitale yakeyake, mtunda wa pakati pa fakitale ndi bwalo la Moorabbin uli wosakwana ulendo wa ola limodzi pa galimoto. Kwathu kuno mafuta amayenda ulendo wautali kuposa pamenepo. Amatsika pa sitima ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kuyenda makilomita mazanamazana, ndipo kulikonse kumene asinthidwa chotengera pali mpata woti china chilowe. Ku mabwalo a kutchire, kumene kumatera tindege ta alendo okaona nyama, ta amishoni ndi ta madokotala, avgas amafika m'migolo ya malita 200. Mgolo woimika chilili padzuwa umapuma ngati thanki ija. Masana mpweya wa mkati umafufuma n'kutuluka pa chitsekero, usiku umakoka wakunja, ndipo ngati mvula yadikha pamwamba pa mgolo, chimene umakoka ndi madziwo, ngakhale chitsekero chisanatsegulidwepo. Odziwa ntchito amaugoneka cham'mbali, zitsekero ziwiri zili mopingasa kuti mafuta azizinyowetsa mkati, pamthunzi, pamwamba pa matabwa. Asanapope amauimika mopendekeka n'kuusiya kuti zolemera zikhazikike. Lamulo lodziwika pa mathanki ndi mphindi 45 pa mita iliyonse ya kuya kwa avgas, ndi maola atatu pa mita iliyonse ya Jet A-1. Kenako amapopa kudzera m'sefa, paipi osaifikitsa pansi penipeni.

Pa mgolo uliwonse wa mafuta a ndege pamalembedwa nambala ya gulu limene mafutawo anachokera ndi tsiku limene unadzazidwa, ndipo wothira wosamala amalemba nambalayo m'buku pamodzi ndi nambala ya ndege imene yamwa. Ntchitoyi imaoneka yotopetsa, ya mapepala chabe. Koma mu Januwale 2000 funso loyamba kwa mwini ndege aliyense ku Australia linali lakuti anathira kuti, tsiku liti, mafuta a kampani iti. Amene anali ndi malisiti osonyeza kuti sanamweko za ku Altona anapitiriza kuuluka. Amene anathirapo ngakhale kamodzi pa milungu ija anakankhira ndege yake m'shedi, n'kulembetsa dzina kwa makaniko kuti adikire madzi.